Lamya ya pa positi

Lero mwana wanga wandifunsa chifukwa chake pa Chingelezi kudula foni amati kuipachika, pomwe iye amangodina ndi chala. Ndamuyankha kuti lamya zakale zinali ndi pokoloweka. Zinazo sindinamuuze.

Ndinali mu giredi 2. Atate anali atasiya ntchito ku fakitale n'kupita ku Kitwe, ife n'kutitaya m'dera la Estates momwe tinkakhala. Loweruka lina amayi ananditengera ku lamya ya pa positi. Kumbuyo kwathu pamzere kunali azimayi awiri a kutchalitchi kwathu.

Amayi ataimba anandipatsa lamyayo. Inali yofunda, ikununkha malovu a anthu ena.

"Atate, ndine."

"Uuze amai ako aleke kutuma lamya kuno."

Anadula. M'khutu munangotsala kulira ngati kwa udzudzu. Amayi ananditsina paphewa.

"Pitiliza kukamba," ananong'ona. "Batimvela."

Choncho ndinauza udzudzu uja kuti ndakhoza mayeso, ndiponso kuti nsapato zandithina. Kenako amayi analanda lamya, naseka mokweza.

"Zikomo batate bake, tizaonana pa Khisimasi!"

Anaikoloweka pang'onopang'ono, n'kutembenukira azimayi aja.

"Bakupatsani moni."