Zojambula Zimene Amayi Anayanika Padzuwa

Amayi anabwera ku Leicester kudzatilerera mwana pamene ine ndinkabwerera kuntchito. Chinali chilimwe cha 2018, chija dzuwa linaomba mpaka udzu wa m'mapaki unauma ngati wa kwathu mu Okutobala. Tinkachita lendi ku Highfields, m'nyumba zogundanagundana zija, ndipo khoma lathu lakumbuyo linali lachinyontho chaka chonse. Amayi ndi munthu wa kaunjika, agulitsa zovala pamsika wa Kasungu kuyambira ine ndili kupulayimale. Mphuno yawo imamva chuku chisanamere n'komwe. Atangolowa pakhomo, chikwama chidakali m'manja, anati, "Muno mukununkha belo."

Mwamuna wanga ali ndi matenda ake. Amasonkhanitsa zojambula za mabuku a nthano za zithunzi, aja timati makomiki. Sindikunena mabukuwo ayi, koma mapepala enieni amene wojambula anajambulapo ndi dzanja lake bukulo lisanasindikizidwe. Tsamba lililonse ndi limodzi lokha padziko lonse. Ankawasunga m'mafayilo akuluakulu akuda, m'kachipinda kam'mwamba kotchinga katani usana onse, ndipo Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankasamba m'manja n'kunena kuti, "Ndikaone ana anga."

Ine sukulu ya zimenezi ndinalowa mokakamizidwa, pathebulo, chakudya chikuzizira. Tsamba lojambulidwa ndi inki yakuda ndi burashi ndilo mfumu, silisuluka, ndipo ogula amalimbirana. La pensulo limafufutika ukangolikhudza. Lomwe ogula amalinyoza ndi la maka, cholembera chonenepa chija timalembera dzina pakatoni, chifukwa kuwala kumadya utoto wake. Ojambula ena akale ankagwiritsa maka ntchito ikawathina, osaganiza kuti wina adzasunga mapepalawo.

Tsono tsamba limene iye ankalikonda koposa linali la maka. Linali lotchipa kuposa onse m'mafayilomo, wogulitsa anachita kudabwa kuti munthu angalifune chonchi. Panali bambo wovala chipewa ndi chijasi, akuoloka mtsinje wodzaza, mwana ali paphewa, mvula ikugwa. Mwamuna wanga ali mwana ku Ndirande, bambo ake anamubweretsera buku lopanda chikuto momwe munali chithunzi chimenechi, ndipo ankamuwerengera atamukhazika pamwendo. Bambowo anamwalira iye ali fomu wani. Wojambulayo nayenso anamwalira kalekale. Mwamuna wanga anasaka tsambalo zaka zambiri, ndipo tsiku limene linafika papositi sanadye.

Mwamuna wanga sakalipa, ndipo chimenecho ndicho choopsa chake. Akapsa mtima amangotseka pakamwa, n'kumupatsa munthu ulemu wozizira mpaka munthuyo adzichotse yekha. Msuweni wake wa ku Oadby anaikapo kapu ya tiyi pambali pa tsamba lina, dontho n'kugwera pangodya. Sanamunene kanthu. Koma msuweniyo sanapondenso pakhomo pathu, ngakhale pa ubatizo wa mwana.

Amayi asanafike ndinamufunsa kuti tikiye kachipindako. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndikiye chitseko apongozi ali m'nyumba ya mwana wawo? Aganiza kuti ndawayesa akuba." Kuwauza kuti asalowemo, anati n'chimodzimodzi. Iye ndi Amayi ankaopana mwaulemu wake wa chipongozi: moni wapatali, maso pansi, nkhani zonse kudzera mwa ine. Ndinasangalala nazo, ndinkati ndinakwatiwa ndi munthu woleredwa.

Lachinayi lina ndinaweruka msanga chifukwa kufamase komwe ndimagwira ntchito kunatentha mpaka abwana anatiuza kuti tizisinthana. Nditatsika basi ndinagula madzi ozizira pagolosale ya pakona, n'kulowa m'nyumba ndikuimba. Chitseko chakumbuyo chinali chotsekula. Amayi anali pamthunzi, mwana ali kumbuyo. Pabwalo ponse, pa zitenje zitatu zoyala pansi, panali mapepala a mwamuna wanga, atachotsedwa m'mapulasitiki ake, atapsinjidwa ndi masupuni kuti asauluke, dzuwa la masana likuwaomba.

Ndinaika botolo la madzi pansi. "Amayi, mwatani?"

"Ndayanika, mwanangu. Katundu wa apongozi anayamba fungo. Ukamusiya chonchi m'mapulasitiki achita chuku."

"Mwayamba liti?"

"Dzuwa litangoyamba. Ndimabweza musanaweruke, ndimasanja mmene ndinapezera. Usawauze, ndi kantchito kochepa."

Dzuwalo linali litaomba masabata angapo. Lamlungu ziwiri zapitazo tinali ku ukwati ku Derby ndi ku msonkhano wa mpingo, n'chifukwa chake mwiniwake anali asanatsekule mafayilo. Ndinagwada n'kuyamba kutola. Masamba a inki, aja odula aja, anali bwinobwino, akuda bii ngati ajambulidwa dzulo. Pa ena timapepala ta mawu tomata ndi guluu tinali titamatuka ndi kutentha, ndipo Amayi anali atatisunga m'sosala. Ndinafika pa chitenje chomaliza ndikupemphera.

Bambo wa chipewa uja kunalibe. Panatsala mizere yofiirira, yozilala ngati dontho la tiyi lochapidwa. Nkhope inali itapita, mwana paphewa atapita. Chomwe chinatsala chowala ndi timadontho ta penti yoyera ta mvula.

Amayi anabwera kudzasuzumira. Iwo amadziwa bwino kusuluka kwa nsalu, koma anali asanaikepo mtima, poti ankayang'ana tsiku ndi tsiku ndipo chinthu chimapita pang'onopang'ono. "Dzuwa la kunoli lingasulutse chinthu? Ine ndimaliona ngati babu." Nditawauza za bambo ake a mwamuna wanga, anakhala pansi pakhomo, mwana akadali kumbuyo. Anandifunsa motsitsa, "Kodi apongoziwa ndi aukali?" Ndinati ayi, koma mawu anga ananditsutsa.

Kuyambira pamenepo mpaka Lamlungu ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo. Sindinkaopa kumenyedwa kapena kukalipiridwa. Ndinkaopa kuona mayi anga, amene anasiya malonda awo n'kukwera ndege koyamba chifukwa cha ine, akupatsidwa ulemu uja anapatsidwa msuweni. Ndinkaopa kutsala pakati, mbali iyi mwamuna wosalankhula, mbali iyo mayi wonyamula chikwama. M'basi ndinkafufuza pafoni ngati utoto wa maka ungabwezeretsedwe, ndipo paliponse yankho linali lomwelo, ukapita wapita. Mwamuna wanga akatsekula chitseko madzulo ndinkamuyang'ana nkhope kaye. Akakwera masitepe ndinkamvetsera kuti akhotera kuti. Anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi kutenthaku.

Ndinawapempha Amayi kuti ndinene kuti ndine ndinayanika. Anakana. "Iwe ukhala naye moyo wonse. Ine ndi mlendo, ndipita." Kenaka anatenga tsambalo, analikulunga m'chitenje chawo chatsopano, n'kuliika pansi pa matiresi. Anati masamba a ndiwo akafota padzuwa, ukawaika pamthunzi amatsitsimuka, ndiye munthuyunso tingomupatsa mdima abwerera. Ndinalibe mphamvu zowauza kuti sizitheka.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, mwamuna wanga anavula jekete, anasamba m'manja, n'kunena mawu ake aja akuseka. Asanaponde sitepe yachiwiri, Amayi anakhala pansi m'kanjira ka pakhomo, ndi zovala zawo za kutchalitchi, atayang'ana kukhoma. Analankhula kwa ine, mwamwambo wake. "Uwauze bambo kuti ndawalakwira." Anafunyulula chitenje n'kukankhira tsambalo patsogolo.

Iye anatsika, anawerama, analitola ndi nsonga za zala. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinafotokoza zonse mothamanga, za chuku, za masupuni, za mdima wa pansi pa matiresi, zoti masamba odula aja ali bwino, ngati kuti zimenezo zingathandize. Iye sanachotse maso papepalapo. Atatsekula pakamwa analankhula kwa ine, mawu osalala. "Auze Amayi kuti palibe kanthu. Zikomo pondisamalira katundu." Anakwera nalo m'mwamba, anatsika, anatuluka panja. Anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula matewera ndi mkaka, zomwe tinali nazo kale.

Zomwe ndinkaopa zinachitika ndendende. Moni sanasiye, ankawagulira Amayi mankhwala a mawondo, ankawasiyira mpando wabwino. Koma kuseka m'nyumba kunatha, ndipo kachipinda kaja sanalowemonso Lamlungu. Amayi anayamba kudyera kukhitchini. Pasanathe mwezi anati malonda akuonongeka kumudzi, tiwasinthire tikiti. Ndinalira powaperekeza kubasi ya ku bwalo la ndege. Iye anawanyamulira zikwama zonse, n'kuwatsanzika ataima patali. Mwana tinayamba kukamusiya kwa mayi wina wa ku Zambia mumsewu wathu womwewo.

Kuyambira pamenepo, foni iliyonse Amayi akamaliza kufunsa za mdzukulu, ankatsitsa mawu. "Nanga munthu uja wabwerera?" Ine ndinkasintha nkhani, kapena kunamizira netiweki. Tsambalo linali m'fayilo yake, mumdima, ndipo nthawi zina ndinkakalisuzumira mwiniwake kulibe. Linali chimodzimodzi.

Chaka chotsatira, nthawi imene amayatsa nyale za Diwali, chikondwerero cha amwenye, ku Belgrave, ndinali ndi pakati penanso ndipo sindinkapeza bwino. Ndinawaimbira Amayi Loweruka masana, foni nditaitsegula mawu patebulo chifukwa manja anali otanganidwa ndi mwana. Mwamuna wanga ankatsuka mbale, atandipatsa nkhongo. Ndinawapempha kuti abwerenso. Iwo anati, "Ine nkhope yolowera m'nyumba imeneyo ndilibe, mwanangu. Ndidzabwera munthu uja akadzabwerera."

Madzi a pampopi anatsekedwa. Ndinafuna kudula foni. Iye anapukuta m'manja pang'onopang'ono, anabwera patebulo, n'kuitenga. Chikwatirane, anali asanalankhulepo ndi Amayi mawu opitirira moni popanda kudzera mwa ine.

"Amayi, ndine mpongozi wanu," anatero. "Munthu uja wayamba kuoneka. Chipewa chabwerera kale, mwana paphewa akuonekanso. Yatsala nkhope basi. Mankhwala anu a mdima aja akugwira. Bwerani, Amayi, nyumba ino ndi yanu."

Kumbali inayo ndinamva Amayi akuomba m'manja, akuti zikomo Yesu, zikomo bambo. Ine ndinali nditaliona tsambalo sabata yomweyo. Foni itadulidwa, iye anaima pomwepo akupukutabe manja ouma kale, maso ali ofiira.

"Nanga akadzafika n'kufuna kuliona?" ndinamufunsa.

"Tidzawauza kuti likufunabe mdima."