Ridyusa wa Aphunzitsi

Atapuma pa ntchito yophunzitsa sayansi, aphunzitsi anaganiza zoyamba kutcheza mafuta a masamba a bulugama kuseri kwa nyumba. Mphika anabwereka kwa akazi awo osawauza. Chivindikiro anakachibooletsa kwa owotcherera zitsulo, amene anamatapo kampopi konenepa. Koma paipi ya kopa yodutsa nthunzi, yozunguliza m'ndowa ya madzi ozizira, inali yowonda ngati pensulo. Panafunika kachitsulo kolumikiza ziwirizi, kotakata uku, kopapatiza uku, kamene ogulitsa amati ridyusa.

"Nyamulani chivindikirocho mukayesere komweko," anatero akazi awo.

"Mayi, ine ndaphunzitsa miyezo zaka makumi atatu. Ndiziyenda ndi chivindikiro mumsewu ngati wozungulira mutu?"

Anayeza ndi rula, nalemba pa kapepala, ulendo ku sitolo ya zipangizo. Mayi wogulitsa anayang'ana kapepalako kamodzi kokha.

"Mwayeza mkati kapena kunja, bambo? Nanga mazinga mukufuna amkati kapena akunja?"

Zamazingazo aphunzitsi anali asanaziganizire n'komwe. Anatsokomola pang'ono, nayankha ndi mawu aja ankaopsezera ana a kumbuyo kwa kalasi: "Akunja."

Kunyumba anapeza kuti kampopi kawo nakonso mazinga ake ndi akunja. Zitsulo ziwirizo zinangogundana milomo basi. Tsiku lotsatira anabwera ndi wa mazinga amkati, koma ankangogwedera ngati chipewa cha bambo pamutu pa mwana, poti iwo anayeza m'mamilimita pamene sitolo imagulitsa m'mainchi. Ulendo wachitatu anasankha wapulasitiki woyera bwino, amene anakwanira ndithu.

"Ameneyo ndi wa madzi ozizira, nthunzi imufewetsa," anachenjeza mayi uja.

Aphunzitsi anamufotokozera za kutentha kwa mphindi khumi, anthu pamzere akudikira.

Mphika utangoyamba kuwira, pulasitiki uja analenda ngati phula, paipi n'kufothoka. Nthunzi inadzaza khonde lonse, magalasi awo anachita mbuu, nkhuku zinabalalika. Akazi awo, amene anali atatha sabata ndi chimfine, anatuluka akupuma bwino ndi mphuno zonse ziwiri.

"Mwandichiza, bambo," anatero. "Koma mphika umenewo ndi wanga."

M'mawa mwake aphunzitsi anakulunga chivindikiro m'nyuzipepala kuti anthu aziyesa chimango cha chithunzi. Anachiika pa kauntala ya mayi uja osakweza maso.

"Mwana wanga, lero wophunzira ndine. Ndipo ndine uja wobwereza kalasi katatu."

Mayiyo sanaseke, ngakhale masaya ankamunjenjemera. Anafufuza m'kabokosi, natulutsa ridyusa wamkuwa, nakulungira tepi yoyera pa mazinga, n'kupotokola kawiri. Ridyusayo anagwira gwa.

Loweruka aphunzitsi anasonkha moto kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, masamba matumba awiri, nkhuni mtolo wonse. Mafuta amene anawengula pamwamba pa madzi sanadzaze ngakhale supuni ya tiyi. Anawathira m'kabotolo, nakaika pawindo la kukhitchini, nathamangira kukaitana mlamu wawo kuti adzaone yekha.

Pobwera anapeza kabotolo katazondotsedwa pa thandala pakati pa makapu.

"Ndimayesa mulibe kanthu, ndiye ndatsuka," anatero akazi awo.

Mlamu uja anakanyamula, nakanunkhiza mwaulemu, nati akumva fungo la sopo. Aphunzitsi anakhala pansi pa khonde, naseka mpaka misozi, kenako anafunsa ngati kuli wina wodziwa kumene kuli mtengo wina wa bulugama, poti wa pafupi anali ataupulula masamba onse.