Pamene Panali Siteji

Wosoka nsapato wina ankakhalabe pakhonde la sitolo yotsekedwa, pamene kale minibasi zinkaima. Siteji itasamukira kumsika, ogulitsa onse anatsatira. Mlamu wake anamupezera malo komweko, koma iye anakana pamaso pa anthu: "Alamu, musandiphunzitse ntchito. Siteji ibwerera pompano, muona."

Mawu amenewo ndi amene anamumanga. Minibasi ikangochepetsa liwiro, ankadzutsa mutu n'kuuza mkazi wake, yemwe ankamubweretsera chakudya masana: "Mwaona? Madalaivala akupakumbuka pano."

"Akuopa dzenje ilo, bambo," mkaziyo ankayankha motopa.

Mwamunayo ankadziwa ndithu. Nthawi zina, akamapukuta fumbi pa nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale, ankaganiza zonyamula benchi yake kupita nayo kumsika. Koma akangoganizira mmene mlamu wakeyo akamwetulire, ankaisiya pomwepo.

Tsiku lina okonza msewu anabwera n'kukwirira dzenje lija. Minibasi zinayamba kudutsa ngati mphepo. Mkazi wake anaika chakudya pabenchi.

Wosoka nsapato anayang'ana phula latsopanolo kwa nthawi yaitali, singano ili m'manja.

"Mwaona?" anatero chapansipansi. "Akukonzera siteji."