Foni Pakati pa Zitenje

Nkhuku tinkaweta ku Mpima, kuseri kwa nyumba ya lendi, koma bizinesi yeniyeniyo inali m'foni ya mkazi wanga. Nditamaliza koleji ndinkaona kuti si bwino tizilembabe maoda pa matumba a chakudya cha nkhuku, choncho ndinamuikira pulogalamu yosunga maoda, mitengo ndi masiku a katemera. Makasitomala a ku Chowa ndi ku Kasanda ankaitanitsa ndi kulipira pa nambala yake. Poyamba mkazi wangayo ankadandaula kuti zilembo zake n'zazing'ono, koma pasanathe chaka ankandiseka ine ndikasochera m'menemo. Ine ndinatsala ndi njinga, yokaperekera nkhuku.

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yozizira, nkhuku zitakwana kale zogulitsa. Maliro atatha, abale ake ochokera ku Katete anakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Zovala anali atazichapa dzulo lake. Anayala mphasa pabwalo n'kuikapo zitenje, nsapato, yunifolomu ya kwaya ndi chikwama. Pamwamba pa zitenjepo panali foni.

Wogawa anali amalume ake, bambo amene anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma. Ine mkamwini ndinakhala chapatali pa benchi pamodzi ndi ankhoswe anga. Pa mwambo umenewu mwamuna wa malemu sasankha kanthu, ngakhale kuloza saloza. Ndinangomva foni ikuperekedwa kwa mlamu wanga, mng'ono wa malemu, amene ankabwerera kumudzi m'mawa mwake.

Foniyo inalira ili m'manja mwake. Kaliridweko ndinkakadziwa, inali oda. Nkhuku ikakula sidikira, tsiku lililonse imadya phindu lake lomwe. Nambala ija ikanapita ku Katete, ndikanatsala ndi khola lodzaza popanda njira yopezera ogula.

Ndinanong'oneza ankhoswe. Iwo anatsokomola, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo amalume. Mwana wathuyu sakukana mwambo ayi. Akungoti m'fonimo muli nkhuku."

"Nkhuku? Zinalowera pati?" anafunsa amalume.

Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikireni maliro. Ankhoswe anafotokoza mmene akanathera, ngakhale iwonso sankazimvetsa bwino. Kenako apongozi anga, mayi a malemu, amene sitiyang'anana kumaso, analankhula atapenya kumpanda.

"Muwauze akamwini kuti ife sitinabwere kudzalanda. Koma foniyi inkakhala pachifuwa pa mwana wanga, m'kati mwa bulauzi. Ndi chovala."

Mlamu wanga ndiye anadula nkhani, chifukwa iye amaloledwa kundilankhula mmene afunira.

"Alamu, mufuna foni olo mufuna namba? Osati vonse, imwe, monga mwana pa shopu."

"Nambala," ndinatero.

Amalume anagamula kuti simukhadi ili ngati khasu, imatsala kumene kuli munda. Foni ipite ndi mwini wake watsopano. Anawonjeza kuti cha malemu sichigwiritsidwa ntchito chisanayeretsedwe, ndiye monga zitenje zinachapidwa, zonse za m'fonimo zifufutidwe anthu akuona. Mlamu anavula ndolo, n'kutulutsira simukhadi ndi kawaya kake. Anaipereka kwa ankhoswe, ankhoswe n'kundipatsa ine.

Zimene zinali m'fonimo ndinkazidziwa. Za bizinesi zinkasungika pa intaneti, sizikanatayika. Koma mkazi wanga ankakonda kudzijambula mawu akuyeseza nyimbo za kwaya, uku akuthira madzi m'zomwera nkhuku, kuti adzimvetsere pamene walakwitsa. Zimenezo zinali m'foni mokha. Ndinali nditapempha kale kamodzi pamaso pa anthu, ndipo anandipatsa. Mkamwini wopempha kawiri pa mphasa ya maliro amatchuka mpaka kumudzi.

"Alamu, nidine pati?" anafunsa mlamu, atatukula foni.

Pabwalo ponsepo wodziwa ndinali ine. Ndinamuuza podina, kenako pena, kenako povomereza. Foni inazima, n'kuyakanso ikupereka moni ngati yatsopano. Amalume anapitiriza ndi nsapato.

Madzulo alendo akumanga katundu, ndinaika simukhadi m'foni yanga n'kutsegula pulogalamu ija. Zonse zinabwerera: mayina a makasitomala, mitengo, tsiku loitanitsa anapiye ena. Oda imene inalira pa mphasa inali ya mayi wina wa lesitilanti ku Chowa, amene sanamve za maliro. Analemba kuti, "Amake nkhuku, mailo m'mawa, zikulu-zikulu."

Ndinayankha kuti zifika mawa lakelo, monga anapemphera. M'mawa ndinaperekeza apongozi ndi anthu awo kokwerera basi, kenako ndinabwerera ku Mpima, n'kusankha zazikuluzikulu, n'kuzimanga panjinga.