Gauni pa Bokosi la Atate

Ndinadzuka kusanache, ndili pa mphasa pabalaza, pakati pa azimayi a kutchalitchi. Mipando yonse inali itatulutsidwa panja. Ena anali akuimbabe ngakhale mawu anali atasasa. Amayi anakhala pakona atatsamira khoma, ndipo nditawayang'ana ndinadziwa kuti sanagone.

Panja kunali mphepo ya mu Ogasiti, ija imabwera ndi fumbi la ku Kasanda. Azibambo anali atazungulira moto, atafunda mabulangete mpaka kumutu. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atatereka kale nyemba, ena akudula kabichi. Anandituma madzi, ndipo ndinakondwa, chifukwa munthu ukanyamula ndowa palibe amene amakufunsa mmene ukumvera.

Chimene chinkandivuta mumtima chinali gauni. Atate ankaphunzitsa masamu pa koleji ya boma kuno ku Kabwe kuyambira ndisanayambe sukulu, koma sanali mphunzitsi wokhazikika. Anali pa kontrakiti, yomwe inkatha n'kupemphedwanso. Nthawi yake ikayandikira ankasiya ndiwo m'mbale. Malamulo okhazikitsira aphunzitsi ankangosinthasintha: chaka china ankafuna digiri yowonjezera, chaka china ankafuna zolemba za kafukufuku. Pamisonkhano Atate ndiwo ankaimirira n'kufunsa kuti lamulo lenileni ndi liti. Anzawo ankawayamikira pakhonde pathu pano, koma kumsonkhano ankakhala chete.

Pakolejipo pali mwambo. Mphunzitsi akamwalira, anzake amavala magauni akuda n'kuyenda patsogolo pa bokosi, ndipo gauni imodzi amaiyala pamwamba pake. Ndinauona kamodzi, pamaliro a mnzawo. Atate anandigwira paphewa n'kunena moseka kuti, "Mami, mwana wanga, ine ndikadzapita udzaonetsetse kuti andiperekeza chonchi." Iwo analibe gauni yawoyawo. Ankachita kubwereka, ndipo ankati adzagula tsiku lomwe adzawakhazikitse.

Dzulo lake Amayi anaimba foni ku koleji ine ndikumva. Anawayankha kuti mwambowo ndi wa okhazikika okha. Anawonjezera kuti atumiza nkhata ya maluwa ndi mkulu wina wa ku ofesi. Mkuluyo amakhala m'komiti yoona za makontrakiti, ndipo komitiyo inali yoti ikumane mwezi wotsatira. Ndinadziwa kuti palibe mnzawo wa Atate amene angafune kuonedwa ndi munthu ameneyo atavala gauni.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Achibale a ku Petauke anatsika m'basi akulira kuyambira pageti. Anthu a m'Chililalila muno anabwera wapansi, ena panjinga. Ophunzira a Atate anaima m'kagulu pansi pa mtengo wa mango. Aphunzitsi anafika mmodzimmodzi, atavala masuti wamba. Ine ndinkayang'ana m'manja mwawo kuti mwina wina wabisa kanthu m'chikwama. Panalibe.

Kenako anafika mayi wina wachibemba amene ankagwira ntchito m'ofesi imodzi ndi Atate, nayenso mphunzitsi wa kontrakiti. Anali atamanga chitenje, atanyamula chithumba cha pulasitiki ndi mbale ya ufa. Kuno Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya. Pamaliro athu iwo amatinyoza ndi kutipaka ufa, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Anayambira kwa amalume. "Odya mbewa inu," anatero, "mwamuphera dala kuti mugawane misampha yake." Amalume anaseka uku akupukuta ufa m'maso, n'kuyankha kuti bola mbewa kusiyana ndi anyani amene Abemba amadya. Atafika pa ine anangondipaka pang'ono pachipumi.

Tinakatenga thupi, ndipo Misa inali yaitali. Sindikukumbuka zimene wansembe analalikira. Ndinkangocheuka kuyang'ana kukhomo. Mkulu wa ku ofesi uja analowa mochedwa, atavala suti yakuda yosita bwino, n'kukhala kutsogolo ndi nkhata yake. Aphunzitsi amene anali pafupi naye anasendera pang'ono.

Kumanda magalimoto anaima pamsewu, poti kanjira kolowera n'kakang'ono. Anatsitsa bokosi, anthu n'kuyamba kundanda. Mphepo inakula, azimayi anaphimba pakamwa ndi zitenje. Ndinaima pambali pa Amayi. Ndinkafuna kufuula kuti dikirani, Atate anandiuza ine, koma ngakhale m'kalasi sindikweza dzanja. 

Onyamula bokosi asanayambe kuyenda, mayi wachibemba uja anaima patsogolo pawo. Anapita kwa mkulu wa ku ofesi n'kumufunsa mokweza kuti kwawo n'kuti. Iye anayankha motsitsa kuti ku Katete, kum'mawa kwathu komwe. "Ndinadziwa!" mayiyo anatero, n'kumukhuthulira ufa wonse kuyambira kumutu mpaka pa suti. Anthu anaphulika kuseka. Mkuluyo anaima njo, ali mbuu, ndipo anayenera kumwetulira, chifukwa mwambo sulola zina.

"Mbuya wanga uyu sapita wamaliseche," mayiyo anapitiriza. "Zaka zonsezi waphunzitsa ana a anthu, inu mukuti dikira komiti. Tsopano wakhazikika yekha. Muchotseni tione!" Anatulutsa gauni yake m'chithumba muja, n'kuikutumula, n'kuiyala pa bokosi. Mphepo inafuna kuiulutsa. Anacheuka n'kundikodola. "Iwe mwana, bwera ugwire apa."

Ndinapita. Ndinagwira ngodya ya gauniyo n'kuyenda pambali pa Atate njira yonse. Palibe mphunzitsi wina amene anavala gauni, koma nditacheuka ndinaona kuti ena a iwo achoka m'khamu n'kuyenda patsogolo pa bokosi, mitu ili pansi. Ena anatsalira kumbuyo ndithu, ndipo sindikuwaimba mlandu. Nawonso ali ndi ana.

Pamanda mkulu uja anawerenga mawu a koleji ufa ukadali m'tsitsi. Anali mawu aafupi. Atamaliza anayang'ana mayi wachibemba uja kwa kanthawi, osasekanso. Ine ndinaona, ndipo ndikukhulupirira kuti mayiyo nayenso anaona. Asanatsitse bokosi m'manda, onyamula aja anachotsa gauni n'kundipatsa. Ndinaikumbatira pomwe dothi linkagwa.

Titabwerera kunyumba anthu anasamba m'manja pageti, anadya, n'kuyamba kubalalika. Ndinamufunafuna mayi uja ndipo ndinamupeza akutsuka mbale yake kuseri. Ndinagwada n'kumupatsa gauni. Anaiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Isunge kaye," anatero. "Komiti ikumana mwezi wamawa. Akandisiya pantchito ndidzabwera kudzaitenga. Akandichotsa, nanga ndidzaivalira kuti? Idzakhala yako, udzavale ukadzamaliza sukulu."

Madzulo ano m'nyumba muli zii. Mipando yabwezedwa, koma sinaikidwe m'malo mwake mwenimweni. Amayi agona tsopano. Gauni ndaipachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pomwe Atate ankapachika jekete lawo. M'munsi mwake muli fumbi lofiira la kumanda, ndipo paphewa pali ufa. Sindinaikutumule. Ndapemphera kuti mwiniwake adzabwere kudzaitenga.