Buledi wa Azakhali a Hortensia Atachita Chuku

Azakhali anga a Hortensia Lucero anagwira ntchito yochapa nsalu za odwala pachipatala china kuno ku El Paso kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, kapena ziwiri. Eni ake amanena mosiyanasiyana. Manja awo ndi okhakhala mpaka lero. Si munthu wocheza kwambiri, ndipo kutchalitchi amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Chimene amadziwika nacho ndi capirotada, chakudya chathu cha pa Lenti: buledi wouma woviikidwa m'madzi a shuga wakuda ndi sinamoni, wothira mphesa zouma, mtedza ndi tchizi.

Lamulo lawo ndi limodzi. Buledi amadulidwa Lolemba n'kuyalidwa pansalu pamwamba pa furiji, kuti pofika Lachisanu akhale ali gwa. Wofewa akakumana ndi madzi a shuga amasanduka phala.

Chaka chatha amuna awo, a Rogelio, anadwala sitiroko ndipo anawagoneka kunyumba yosamalira okalamba. M'sabata yoyera anasiya kudya. Kumeza ankatha, koma ankangotembenuzira nkhope kukhoma. Dokotala anati ngati sadya pofika Lolemba, adzawaika kachubu kodyetsera m'mimba. A Rogelio anakana kale zimenezi akadali olimba, ndipo azakhali anawalonjeza kuti sadzalola.

"Capirotada adya," anatero azakhali. "Sanaikanepo."

Lachisanu Loyera m'mawa ndinapita kukawathandiza kuphika. Pamwamba pa furiji panalibe nsalu. Panali jumbo yomanga bwinobwino, m'kati muli buledi wonyowa wa mawanga obiriwira. Amene anamanga anali ang'ono awo, azakhali a Chayo, amene anabwera kuchokera ku Denver kudzaona matenda.

"Ndimati asaume," anatero a Chayo.

"Asaume? Iwe Chayo, unakulira m'nyumba iti?"

"Inu akulu, ndatha zaka makumi anayi kwa eni ake. Kumeneko buledi timamanga."

"Unamanga ndi nzeru zomwe."

"Tingogula wina basi. Mu uvuni auma."

"Wa mu uvuni ndi wootcha. Kunja wakuda, m'kati thonje. Mdala uja adziwa."

Azakhali a Hortensia anakhala pampando, manja ali pamaondo. Kunyumba ya okalamba kuja, odwala amawapatsa chakudya 12 koloko, nthawi yokhayo imene a Rogelio ankakhala maso, ndipo apa n'kuti 8 itakwana kale.

Ndinathamangira ku bekare. Buledi wogona anali atatha kalekale, poti khomo lililonse linkaphika zomwezo. Ndinapeza wotentha, wongophula kumene. Nditabwerako, a Chayo anafuna kukweza moto wa mu uvuni kuti zifulumire, koma azakhali anawamenya padzanja.

"Choka. Waononga kale kamodzi."

Anadula okha timagawo topyapyala n'kutiyala pawaya wa mu uvuni, osati m'thireyi, kuti mpweya uzidutsa pansi ndi pamwamba. Moto anauchepetsa kwambiri, chitseko n'kuchipinga ndi supuni yamtengo kuti nthunzi izituluka. Mphindi khumi zilizonse ankatulutsa kagawo kamodzi n'kukathyolera pafupi ndi khutu. Titatu toyamba tinangopindika. Kachinayi kanathyoka molira. Sanamwetulire. Anangoti, "Bola."

Capirotada itapsa, tinafika kwa a Rogelio titachedwa ndi theka la ola, mbale titaikulunga m'thawulo. A Rogelio anali atayang'ana kukhoma.

"Mdala, lero ndi Lachisanu Loyera," anatero azakhali. "Tembenukani, musandichititse manyazi pamaso pa Chayo."

Kenako a Rogelio anatembenuka n'kuyasama pang'ono. Anameza supuni yoyamba, yachiwiri, mpaka yachinayi. Yachisanu anaikankha ndi dzanja lamanzere, limene likugwirabe ntchito, n'kutseka maso.

Namwino amene anaima chapafupi anatiperekeza mpaka pakhomo.

"Mayi, ndisakunamizeni," anatero. "Masupuni anayi sangasinthe maganizo a dokotala."

"Nanga akadyanso mawa ndi mkuja?"

"Tidzaona Lolemba."

M'galimoto a Chayo ankalira mosatulutsa mawu. Azakhali sanawatonthoze. Titayandikira mphambano anandigwira paphewa.

"Mwanawe, ukhotere ku bekare. Mawa ndiphika ina yopanda mtedza, ndaona umawavuta kutafuna." Kenako anacheukira kumbuyo. "Iwe Chayo, pukuta mphunozo. Buledi ukadula ndiwe, ine manja atopa."