Pepala la m'kathumba ka korona

Amayi anali ndi kathumba ka nsalu yakuda komwe ankasungamo korona yawo yopempherera. M'kathumbamo munalinso pepala lopindidwa kanayi, lofewa ndi thukuta la m'manja. Pepalalo ndinalemba ndine, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, dzinja lotsatira kubwerera kwa amalume kwathu ku Nsadzo kuchokera ku Zambia, kumene anathawira nkhondo.

Amalume sanabwere ndi katundu wambiri: njinga yopanda mabuleki, ndi kaderuno wonenepa momwe analembamo Chingerezi chonse chimene anatola kumeneko. Kusikola apulofesolo ankatiphunzitsa Chipwitikizi chokha, choncho ine ndinkayenda modzimva, poti ndinali ndi mphunzitsi wangawanga. Mvula ikatithamangitsa kumunda tinkabisala m'chigafa, fodya akulendewera pamitu pathu, amalume n'kumandipatsa liwu limodzi pa sabata.

Sabata imeneyo liwu lake linali "it". Ndinaliderera poona kuchepa kwake.

"Usakaderere, mphwanga," anatero amalume. "Kamanyamula katundu kuposa njinga yangayi."

Anayamba kuloza. Mbuzi ndi komweko, khasu ndi komweko. Ukafuna kunena kuti kukugwa mvula, kapena kuti kwazizira, uyamba ndi komweko, ngakhale palibe choti n'kuloza ndi chala. Wina akagogoda pachitseko, pofunsa kuti ndani umatchula komweko. Ngakhale khanda limene sunalidziwe kuti ndi lalimuna kapena lalikazi, ati Angerezi amalitchula choncho. Ndinaseka kwambiri. Ndinalemba ziganizozo mpaka lapizi inafupika.

Sabata yomweyo amayi anachira mwana wamkazi. Mwanayo anakhala masiku anayi okha, n'kumwalira asanatuluke m'chikuta, mchombo usanagwe. Kwathu mwana wotere salirirwa. Amayi akuluakulu okha ndi amene anamukulunga m'kansalu n'kupita naye kumanda, opanda nyimbo. Amuna anatenga makasu awo monga mwa masiku onse. Nditafunsa, azakhali anandikoka khutu. "Usafunse, usamutchule. Ukamutchula amabwerera kudzatenga wina."

Patapita masiku atatu, masana mvula ikugwa, amayi anandiitana pakhonde. Anali atamanga nsalu mothina pachifuwa, koma mkaka unkatulukirabe. Fungo lake ndikulimvabe.

"Bwera ndi lapizi yako."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti mwanayo anamuthira okha madzi a ubatizo, ndi chikho, n'kumutcha dzina. Dzinalo analitchula kawiri. "Undilembere, bambo wanga. Osauza munthu."

Ndinang'amba pepala kumapeto kwa kaderuno wa amalume. Khutu lomwe azakhali anakoka linali likuwawabe. Ndinaganiza kuti kulemba dzina n'kuitana mwini wake, ndipo wina wodzatengedwayo ndikhala ine. Dzanja linalemba zomwe linazolowera sabata yonse: "It is raining."

Amayi sankadziwa kuwerenga. Anayendetsa chala pansi pa zilembozo pang'onopang'ono.

"Kodi n'lalitali chonchi?"

"Ndi mmene limalembekera m'Chingerezi," ndinatero.

Analigunditsa pachifuwa, n'kulipinda kanayi.

Sindifulumira kuweruza mwana wamantha, ndipo ndayesa kumukhululukira mwana ameneyo. Amene amandivuta ndi bambo amene ndinadzakhala nditakula. Ndinkawaona amayi Lamulungu lililonse akutulutsa korona, chala chawo n'kuyamba chakhudza pepalalo. Pamene mantha anandithera n'kufuna kukonza, ndinapeza kuti dzinalo linandichoka m'mutu. Njira inali imodzi yokha, kuwafunsa iwo, koma kufunsako kukanaulula zonse. Ndinkati ndidzafunsa tikakolola. Ndinkati ndidzafunsa akachira chifuwa. Anamwalira ndisanafunse.

Mkazi wanga yekha ndi amene ndinamuuza. Sanandidzudzule. Madzulo ena tikamasenda chimanga ankanditchulira maina a akazi oyera limodzilimodzi, kuti mwina lina ligunda. Palibe linagunda. Nayenso anapita. Bambo mfumu anandikhululukira kalekale m'kulapa, koma kukhululuka sikubweza dzina.

Mwezi wa Novembala ku parishi timalemba maina a akufa athu kuti atchulidwe pa Misa. Ndimalemba la amayi, la amalume, la mkazi wanga, kenako ndimasiya mzere wopanda kanthu. Kathumba kaja kali ndi ine, pepala likadali momwemo, likunenabe kuti kukugwa mvula.

Tsiku lija pakhonde ndinkaganiza kuti amayi akuopa kuiwala, n'chifukwa chake akufuna pepala. Sindikanatha kudziwa kuti mayi saiwala dzina lotere. Iwo ankafuna munthu wachiwiri pansi pano woti adziwe kuti mwanayo anali ndani, ndipo m'mudzi monse anasankha ine.